Nsambo Yaikulu ya Apongozi

Pali amisiri ena amene ukawapatsa chinthu, amakonza chomwe wanenacho n'kukubwezera. Tiwonjeze sanali wa gulu limenelo. Munthu ankabwera ndi wailesi yothothoka kabatani, pokaitenga n'kupeza kabatani kali m'malo, koma sipika ndi ina, kanyale kakutsogolo kasanduka kobiriwira, ndipo wailesiyo ikulankhula mokweza ngati yakwiyira wina. Ukadandaula, iye ankangomwetulira n'kunena kuti, "Ndinangoti tiwonjeze pang'ono." Dzina linachokera pamenepo, ndipo lenileni anthu a mumsewumo analiiwala kalekale.

Kashopu kake kanali kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi, moti makasitomala awiri akalowa, wachitatu ankadikira panja. Munali benchi yodzaza zipsera za chitsulo chowotcherera, kampando kopanda chotsamira, ndi ndowa yakale ya penti momwe ankaponyamo zitsulo zakutha. Fungo la mtovu wosungunuka linamulowerera mpaka m'malaya, ndipo mkazi wake ankati atamubisa pakati pa chikhamu cha amuna, iye angamupeze ndi mphuno. Anayamba ndi mawailesi ali mnyamata, kenako maampu, makina okweza mawu, a mabandi a m'matchalitchi ndi m'maukwati. Magitala anangobwera okha potsatira maampuwo. Mwa onsewo mtima wake unagwa pa besi, gitala ya nsambo zinayi zonenepa, imene mawu ake munthu amawamvera m'chifuwa. Kuimba sankatha. Ankadziwa kanyimbo kamodzi koyesera ntchito, ndipo wometa uja anafika pokada ngati mdani.

Chimene ankachidziwa bwino ndi mapikapu. Si magalimoto ayi, ndi timabokosi takuda tokhala pansi pa nsambo za gitala. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo ndi amene amatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampu. Tiwonjeze ankati pikapu ndi khutu la gitala, ndipo gitala yogontha sankatha kuiyang'ana osachitapo kanthu. Oimba achinyamata ankamukonda chifukwa cha zimenezi. Ankabwera ndi besi yotchipa yolira ngati chitini, n'kuchoka ndi yolira ngati ya anthu. Munthuyo anali waluso, zimenezo tisamumane. Vuto lake linali loti sankadziwa polekezera.

Besi imodzi yokha ndi imene anali asanaikhudzepo, ndipo inkagona m'nyumba mwake momwe. Inali ya apongozi ake aamuna.

Mkuluyo anaimba besi moyo wawo wonse, m'mahotela, m'maholo, m'maukwati a anthu amene lero ali ndi zidzukulu. Maso atayamba kuchita chifunga mpaka kuzimiratu, mwana wawo wamkazi, mkazi wa Tiwonjeze, anawatenga kuti azikhala nawo m'kachipinda koyang'ana kubwalo. Anabwera ndi sutikesi imodzi, kaampu kakang'ono, ndi besi yomwe kale inali yofiira koma tsopano inali itayera paliponse pomwe mkono unkadutsa. Masana aliwonse akadya, ankakhala pa bedi n'kuimba mpaka dzuwa kupendeka. Anthu a m'nyumbamo anazolowera moti sankamvanso. Tiwonjeze yekha ndiye ankamva, ndipo zala zinkamuyabwa, chifukwa besiyo inkang'ung'udza komanso mawu ake anali ofooka.

"Bambo, bwanji ndikangoiona pang'ono?" ankawafunsa motero nthawi ndi nthawi.

"Amisiri," mkuluyo ankayankha, poti ndi momwe ankamuitanira pomuseka, "gitala yanga ndi yodwaladi, koma matenda ake ndimawadziwa ndine."

Zinthu zinasintha mwana woyamba wa Tiwonjeze atapeza banja. Mtsikanayo anakulira pamiyendo pa agogo akewo, ndipo anapempha chinthu chimodzi: polowa mu holo tsiku la ukwati, nyimbo yolowera agogowo aimbe pamodzi ndi bandi. Mkuluyo anavomera msanga, n'kuyamba kufunsa ngati jekete yawo yakale ikuwakwanabe. Koma kabowo kolowetsamo chingwe cha ampu kanali katayamba kukhwepa, ndipo akangosuntha pang'ono mawu ankathetheka n'kuduka. Pa holo zimenezo zikanachititsa manyazi. Ndiye m'mawa wina anaitana mkamwini wawo, n'kumupatsa besiyo ndi manja awiri ngati akupereka khanda.

"Kabowo kokha. Mwamva, amisiri? Kabowo kokha."

"Ndamva, bambo."

Anamvadi. Kabowoko anakakonza tiyi wake asanazizire. Akanati aibweze besiyo m'chikwama nthawi yomweyo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma anailumikiza ku ampu kuti ayese, n'kuimba kanyimbo kake kaja, ndipo anapeza chimene ankachikayikira kwa zaka. Nsambo zitatu zinkamveka bwino ndithu. Yaikulu, yonenepa kuposa zonse, inkamveka patali ngati ili m'nyumba ya aneba. Atavundukula pikapu anapeza kuti maginito a pansi pa nsamboyo anadyeka ndi dzimbiri la thukuta la zaka zambiri, ndipo mphamvu inali itatsala pang'ono kutheratu. Anamva chisoni chenicheni. Munthu waluso chotere, moyo wake wonse kuimbira chida cholumala! Ndipo pa ukwati wa mwana wake yemwe? Anaganiza zowapatsa mphatso.

Masana omwewo anali pa sitolo ya zida zoimbira, akuvutitsa mayi wogulitsa. Mayiyo anamutulutsira mitundu itatu ya mapikapu. Oyamba anali a mawu owala, otheka kudula pakati pa ng'oma, koma Tiwonjeze anati amenewo ndi a anyamata ofuna kumveka okha. Achiwiri ankafuna batire, ndipo anawakana poganiza kuti munthu wosaona asamavutike ndi batire lotha pakati pa nyimbo. Achitatu anali a mawu onenepa, ofunda, amphamvu mofanana pa nsambo zonse zinayi. Anawagogoda ndi sikuludiraiva, kuwayesa pa besi ya m'sitolomo, kuwayerekeza ndi muyeso umene anabwera nawo, mpaka mayiyo anafunsa ngati akusankha mapikapu kapena mkazi. Anatenga achitatuwo. Kunena zoona anasankha bwino, ndipo woimba wina aliyense akanamuthokoza.

Pobwerera anachitanso china chimene ankachiona ngati ulemu. Zivundikiro zakale sanazitaye. Pa chimodzi panali kadzenje kosalala komwe chala chachikulu cha apongozi chinakumba pokhalapo zaka zonsezo, ndipo iye anati kameneko ndi kawo, kakhale. Analowetsa mapikapu atsopano m'zivundikiro zakalezo, moti ndi manja munthu sakanadziwa kuti pasintha kanthu. Ankafuna kuti nkhope ya mkuluyo iwale yokha pa holo, ndiyeno iye aulule. Mapikapu akale aja anawatsegula mwachidwi, waya n'kuyoyoka m'manja mwake ngati udzu wouma. Anawaponya mu ndowa, ndipo sabata isanathe wogula zitsulo zakutha anadutsa ndi wilibala yake n'kukhuthula zonse.

Besiyo anaisunga ku shopu mpaka tsiku loyeserera, ati kuti guluu aume. Loweruka masana anaitengera yekha ku holo, komwe anyamata a bandi anali atayala kale zida zawo pakati pa mipando yosanjikizana. Mkwatibwi analowa atagwira agogo ake dzanja, n'kuwakhazika pafupi ndi wang'oma. Mkuluyo anapapasa khosi la besi, n'kuika chala chachikulu m'kadzenje kake. Wang'oma anawerenga ndi timitengo take, nyimbo n'kuyamba.

Nsambo yaikulu itangokokedwa, holo yonse inagunda. Mazenera ananjenjemera, sipika inakhosomola, ndipo woimba kiyibodi anadzidzimuka mpaka kuphonya. Mkuluyo anapita pa nsambo zing'onozing'ono, mawu n'kukhala bwino, koma atabwerera pa yaikulu kunagundanso. Anyamata anatsitsa ampu. Atatero, nsambo zitatu zija zinasowa, n'kutsala yaikulu yokha ikubangula. Anayambiranso, n'kuyambiranso.

"Agogo, pang'onopang'ono," anatero mnyamata woimba pakamwa, akuyesetsa kubisa kuseka. "Musaimenye, ingoisisitani."

Tiwonjeze anali ataima pambali ndi kumwetulira kwake kokonzeratu, ndipo kunamuumira pankhope. Sankamveranso ndi makutu, ankayang'ana dzanja. Pa nsambo zitatu zala za mkuluyo zinkayenda mopepuka. Zikafika pa yaikulu zinkakumba, kukoka ndi mphamvu ya mkono wonse. Mwini wake sankadziwa n'komwe kuti amatero. Maginito aja ankafooka pang'onopang'ono kwa zaka, dzanja nalo n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono, mpaka awiriwa anagwirizana osauza munthu. Tiwonjeze anachiritsa gitala n'kusiya dzanja likuimbirabe yodwala ija.

Mkuluyo anasiya kuimba. Anapapasa nsambo, zinali zomwe zija. Anapapasa mabatani, anali pomwe amakhala. Anasisita zivundikiro, kadzenje kali pomwepo. Kenako anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti kuli mkamwini wawo.

"Amisiri, munakonza kabowo kokha?"

Mkwatibwi ankayang'ana bambo ake. Tiwonjeze anali bambo wa mkwatibwi, munthu wa imvi m'ndevu, ndipo ankafunsidwa ngati mwana pamaso pa anyamata amene ankamutcha katswiri. Pakamwa panayankha pokha.

"Kabowo kokha, bambo."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja lamanja, kulikunga, kulitambasulanso.

"Ndiye kuti ndi ineyo," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo masana a m'nyumbamo anakhala zii. Besi inalowa pansi pa bedi. Anthu amene kale sankaimva tsopano anayamba kumva kusowa kwake, ndipo wailesi ikatsegulidwa kuti itseke bata, inkangolikulitsa. Mkuluyo anasiya kukhulupirira manja awo pa chilichonse. Kapu ankaigwira ndi manja awiri. Mabatani a malaya ankaitanira mwana wawo. Anapempha kuti apite nawo kuchipatala, ndipo dokotala atawafinya zala n'kunena kuti sakuona vuto, iwo anati adokotalawo ndi mwana, akungowatonthoza. Mdzukulu wawo anamuitana n'kumuuza kuti apeze woimba wina. Mtsikanayo anachonderera mpaka kulira, koma iwo anati sangakamuchititse manyazi pa tsiku lake, maso anapita kale ndipo tsopano manja atsatira, umo ndi mmene munthu amathera.

Tiwonjeze ankamva zonsezi ali nawo patebulo limodzi. Anali ndi chisoni, komanso manyazi omwe ankakula tsiku ndi tsiku, chifukwa bodza la Loweruka likanatheka kulibweza Lamlungu, koma pofika Lachinayi linali litamera mizu. Ndipo monga amachitira amisiri, anayesa kukonza ndi manja chinthu chofunika pakamwa. Anasakasaka wawilibala uja mpaka kukafika pa bwalo lomwe amakagulitsa zitsulo. Anapeza mulu wautali kuposa nyumba, mafiriji, masipuling'i a mabedi, zitseko za magalimoto. Mlonda atamva kuti akufuna timaginito tiwiri tadzimbiri totalika ngati chala, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati wadya.

Atalephera uko, anasolola besi pansi pa bedi mkuluyo ali kosamba, n'kuthamanga nayo ku shopu. Pikapu imakhala pa timasikulu toikweza ndi kuitsitsa. Anatsitsa mbali ya nsambo yaikulu kuti italikirane ndi maginito, mawu ake afooke. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ankawononga dala ntchito yabwino, ndipo sankadziwa n'komwe mlingo wake, poti dzanja loyezera linali la munthu wina. Anaibweza mwakachetechete. Koma zinathandiza chiyani? Mkuluyo sankaikhudza. Tiwonjeze akati, "Bambo, bwanji muyesenso, mwina tsiku lija munangotopa," iwo ankayankha kuti, "Musandinyengerere, amisiri. Ndinu munthu wabwino, koma musandinyengerere." Mawu oti munthu wabwinowo ankamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Anamugwira ndi mkazi wake. Ankachapa malaya a mwamuna wakeyo, n'kupeza m'thumba kabokosi kopindika komwe munali mapikapu aja, kali ndi chithunzi cha besi pamwamba. Anakaika patebulo m'khitchini n'kuima atagwira m'chiuno.

"Bambo a mwana, ichi n'chiyani?"

"Ndi za kasitomala."

"Kasitomala wake ndi amene akugwira kapu ndi manja awiri uja?"

Tiwonjeze anakhala pansi. Anafotokoza zonse, za dzimbiri, za sitolo, za wilibala, ndipo pofotokoza anabwerezabwereza kuti cholinga chinali chabwino.

"Cholinga chabwino ndikuchidziwa, ndakhala nacho m'nyumba zaka zonsezi," anatero mkaziyo. "Ayironi yanga munaiwonjezera mpaka inawotcha diresi. Imeneyo ndinaseka. Koma awa ndi bambo anga. Akudzilira maliro ali moyo, inu muli phee kumawapatsira mchere patebulo."

"Ndiye ukawauze ndiwe, iwe amakumvera."

"Ine? Ndinagwira sikuludiraiva ndine? Mukawauze nokha, ndipo lero."

Ukwati unali utatsala masiku owerengeka. M'mawa womwewo Tiwonjeze sanatsegule shopu. Anagogoda pa kachipinda kaja, n'kupeza mkuluyo atakhala pa bedi, dzuwa la pazenera likuwawomba m'mawondo, manja ali pamiyendo ngati katundu wa eni. Mpando unalipo, koma iye anakhala pansi.

"Bambo, ndinakunamizani."

"Pa nkhani iti?"

"Sindinakonze kabowo kokha. Mapikapu ndinasintha. Ndinaika atsopano m'zivundikiro zakale zija. Akale aja maginito a nsambo yaikulu anali atafooka, ndiye inu munazolowera kuikoka mwamphamvu. Atsopanowa amamva zonse. N'chifukwa chake kunkagunda."

Mkuluyo anatembenuzira nkhope kuzenera. Panja wina ankasesa, ndipo tsache linamveka mpaka kufika kumpanda.

"Akalewo ali kuti?"

"Ndinataya, bambo. Ndawafunafuna, sindinawapeze."

"Ndipo pa holo paja ndinakufunsani."

"Munandifunsa."

"Pamaso pa ana aja."

"Eya, bambo. Ndinachita manyazi."

"Manyazi," anatero mkuluyo, ngati akulawa mawuwo. "Inu munachita manyazi, ndiye munandipatsa ine kuti ndikusenzereni."

Tiwonjeze anangoti zyoli. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo ankakufuna, chifukwa kukanamupepukitsa. Koma mkuluyo anali atamuiwala kale. Anatukula dzanja lamanja n'kuyamba kugwedeza zala chimodzichimodzi.

"Ndiye kuti awa ali bwino?"

"Ali bwino, bambo. Sanalakwe chilichonse."

Mkuluyo anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kunena mwaukali kuti, "Mukudikira chiyani? Tulutsani gitalayo. Sikuludiraiva muli nayo?"

Anali nayo m'thumba, monga mwa masiku onse. Analumikiza kaampu kaja, n'kuika besi pamiyendo pawo. Mkuluyo anakoka nsambo yaikulu, zenera n'kulira pang'ono.

"Yakulabe. Tsitsani."

Tiwonjeze anagwada pambali pawo n'kupota kasikulu.

"Tsitsaninso. Ayi, mwapyoza, bwezani pang'ono. Imani pamenepo." Anaimba mzere woyamba wa nyimbo ya mdzukulu wawo, n'kukwinya nkhope. "Mawu ake si aja. Aja anali ouma, awa anona ngati mwana wa bwana. Koma tiyeni, tiziwaphunzira."

Kukhitchini mbale zinasiya kulira. Mkuluyo anabwereza mzerewo, n'kupitirira ku wachiwiri, ndipo mapewa awo anayamba kuyenda ndi nyimbo. Tiwonjeze anayamba kupuma bwino, mpaka kuganiza kuti mwina zatha. Kenako anamva mkuluyo akukoka mpweya m'mano nthawi iliyonse akafika pa nsambo yaikulu. Anayang'ana zalazo pafupi, poti anali atagwada pomwepo. Nsonga zake zinali zosalala, zofiirira ngati za mwana. Woimba besi aliyense amakhala ndi zikundu kumapeto kwa zala, khungu lolimba lomwe limamera ndi zaka za kukoka nsambo. Apa panalibe n'chimodzi chomwe.

"Bambo, zala zanu zatani?"

"Ndinazikwecha ndi mwala wa kubafa," anayankha osasiya kuimba. "Tsiku lililonse pang'ono. Zinkandikumbutsa zinthu, ndiye ndinati n'zantchito yanji."

Pa chala cha mkombaphala thuza linali litayamba kale kutukuka, loyera, lodzaza madzi. Tiwonjeze ankadziwa, monga ankadziwira mkuluyo, kuti khungu lotero silibwerera m'masiku ochepa, ndipo kuti nyimbo yolowera mkwatibwi ndi yaitali.

"Pumulani kaye, bambo. Liphulika limenelo."

"Liphulike lero kuti Loweruka likhale litauma. Nsambo yachitatu nayo yakula pang'ono. Potani, amisiri, nthawi ndilibe."

Tiwonjeze anaika sikuludiraiva pa kasikulu, koma inaterereka, chifukwa kamzere kake sankakaonanso bwino. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya n'kuyesanso. Pamwamba pa mutu wake mkuluyo anayambiranso nyimbo ija pachiyambi, ndipo pa nsambo yaikulu panali patanyowa ndi madzi a thuza lija.